Life coach wa £60 pa ola kwa mwana wa cystic fibrosis: nditulutse ndalamayi?

NaBanda_Leeds: Abale, ndigawireniko nzeru. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 19, anabadwa ndi cystic fibrosis (CF), matenda aja oti makhololo amauma m'mapapo ndipo chakudya sichigayika popanda kumwera Creon. Chichokereni ku kiliniki ya ana n'kupita ku yunivesite, physio akudumphitsa, nebuliser, makina opumira mankhwala, ili phee m'kabati, akuti watopa. Ndapeza mayi wina wa life coaching, akuti £60 pa ola pa Zoom, kapena £330 maulendo 6. Nditulutse?

Mjomba_Phiri: Musayerekeze mayi! Ine wina anandidya £450 ati athandiza mnyamata wanga kupeza njira pa moyo. Chomwe tinaona ndi PDF ya masamba ochepa ndi mauthenga a m'mawa pa WhatsApp oti "ungathe". Nditafunsa zondibwezera, foni osayankhanso. Kuno ku UK palibe lamulo loletsa munthu kudzitcha coach, aliyense akhoza kudzuka mawa n'kutsegula tsamba. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa, inali ndalama ya ma night shift.

Bwana_Gondwe: Zotchipa zimatsegula m'mimba achimwene. Wathu timalipira £120 pa ola, wa ku London, wa satifiketi ya ICF, bungwe la ma coach. Mwana pano ali pa ntchito yabwino, galimoto wagula yekha.

Mjomba_Phiri: Wanuyo amadwala mapapo?

Bwana_Gondwe: Ayi, koma coaching ndi imodzimodzi.

Sisita_Chikondi: Si imodzimodzi bambo. Mayi, musanatulutse kalikonse imbani ku CF centre yake. Magulu amenewa sakhala dotolo yekha, mumakhala wa physio, wa zakudya, psychologist ndi social worker, zonse pa NHS. Ana ambiri amagwa mphwayi pa msinkhu umenewu, pamene amayi asiya kuwawerengera mapilitsi. Anesi a kumeneko akuzidziwa bwino, ndipo amatha kukhala naye pansi n'kukonza ndondomeko yogwirizana ndi makalasi. Coach wosadziwa matendawa akhoza kumuuza zodzuka 5 koloko kukathamanga mwana ali ndi infection. Cystic Fibrosis Trust ilinso ndi helpline. Mwanayo afunsenso ku sukulu za Disabled Students' Allowance, thandizo la ophunzira olumala kapena odwala matenda okhalitsa.

Mai_a_Tadala: Zaulerezo mudikira mpaka tsitsi liyere. Ife psychologist tinamudikira miyezi.

Sisita_Chikondi: Munadutsira kwa GP kapena ku CF centre? Ndi mizere iwiri yosiyana.

Che_Yusufu: £330 bwanji osangomugulira treadmill yakale pa Facebook Marketplace? Ine yanga ndinatola £80. Kapena musonkhanitse achinyamata a matenda omwewo pa holo, azilimbikitsana okhaokha, tiyi ndigula ine.

Sisita_Chikondi: Chonde zimenezo ayi! Anthu a CF saloledwa kukumana, amapatsirana tizilombo monga Pseudomonas. Ngakhale ku kiliniki sawakhazika chipinda chimodzi. N'chifukwa chake amasungulumwa chonchi, mnzako wokumvetsa umangomuonera pa foni.

Bwana_Gondwe: Komatu ndinamva kuti mankhwala a Kaftrio anathetsa nkhani imeneyi. NHS ikupereka kuyambira 2020.

NaBanda_Leeds: Apo ndi pomwe pali bala bambo Gondwe. Mankhwalawo anapangidwira makamaka a jini ya F508del, yomwe ndi yofala mwa azungu. Wanga anamuyeza, mtundu wake sugwirizana nawo. Anzake a pa intaneti ananenepa, chifuwa chinachepa, ena akukamba za ukwati. Iye adakali pomwepo, m'mawa ndi madzulo kutsokomola m'bafa kuti anzake a m'nyumba asamve. Sindikufuna wochiza, ndikufuna womuthandiza kuona kuti digiriyo ili ndi tsogolo.

Dalitso_CF: Anti, ine ndili nawo matendawa, zaka 24. Coach ndinakhala naye, £45 pa ola. Anandithandiza kulemba CV ndi kupeza mawu ouzira abwana kuti ndizipita ku kiliniki osaopa. Za kutopa ndi mankhwala sanazimvetse, ankangoti ndilembe zolinga. Koma mwamufunsa mwini wakeyo? Ine amayi akanandilipirira osandiuza sindikanalowa pa Zoom.

NaBanda_Leeds: Ndinamutchulira, anangoti "tiona".

Mai_a_Tadala: £45? Kuti kumeneko? Kwathu kuno osachepera £70.

Che_Yusufu: Mankhwala poti ndi aulere, ndalama ilipo, yesani ulendo umodzi basi.

Dalitso_CF: Aulere kwanu ku Glasgow ankolo. Ku England CF siili pa mndandanda wa osalipira, pokhapokha ukhalenso ndi shuga. Ndi £9.90 mankhwala aliwonse, kapena satifiketi yolipiriratu mankhwala onse a chaka ya £114.50. Pa zaka 19 za mankhwala aulere a ana a sukulu zatha anti, alembe fomu ya HC1 yopempha thandizo la opeza zochepa.

Mjomba_Phiri: Mwamva? Lipirani satifiketiyo, coach mumusiye.

Bwana_Gondwe: Mayi ndilembereni ku inbox ndikupatseni nambala ya wathu uja.

NaBanda_Leeds: Mayi wa coaching uja akuti ulendo woyamba wa mphindi 20 ndi waulere. Sisita, ku CF centre ndingaimbe ine kapena mpaka mwini wake, poti wadutsa 18?