Kodi misonkhano yotsutsa ukapolo inali ndi phindu lanji?

Nachisale: Abale, ndikuphunzitsa ana a Fomu 3 za kutha kwa ukapolo. Mnyamata wina wandifunsa kuti, "Madamu, poti ku America ukapolo unatha ndi nkhondo ya 1861 mpaka 1865, anthu olankhula m'misonkhano aja anathandiza chiyani?" Mtima wanga ukukana kuti ankangotaya malovu, koma ndikufuna yankho lomveka. Ndithandizeni.

Bambo a Chikondi: Amayi, muuzeni za Frederick Douglass. Anathawa ukapolo ku Maryland mu 1838. Mu Ogasiti 1841, pa msonkhano wa ku Nantucket, anamupempha kuti afotokoze moyo wake. Anaimirira akunjenjemera, koma atamaliza gulu lotsutsa ukapolo la William Lloyd Garrison linamulemba ntchito yoyenda m'matauni kulankhula. Azungu ambiri a kumpoto kwa America anali asanamvepo kapolo akudzifotokozera yekha za zikwapu. Chondiwawa ine n'chakuti ankalankhula mwaluso mpaka ena ankati munthu wotere sangakhale kuti anali kapolo. Ndiye mu 1845 analemba buku lotchula mbuye wake ndi malo omwe, n'kupita ku Ireland ndi Britain kuopa kugwidwa. Kumeneko anthu amene ankamumvetsera anasonkha mapaundi 150 n'kumuombola. Pa 5 Julayi 1852 ku Rochester anafunsa khamu la anthu maso ndi maso kuti chikondwerero cha ufulu wa dziko la America cha pa 4 Julayi chimatanthauza chiyani kwa kapolo.

Mwana wa ku Ntcheu: Zikanakhala zachabe adani awo sakanavutika nazo. Mu Meyi 1838 ku Philadelphia otsutsa ukapolo anatsegula nyumba yotchedwa Pennsylvania Hall kuti azichitiramo misonkhano. Angelina Grimké, wobadwira m'banja la eni akapolo ku Charleston, analankhula miyala ikuswa mawindo, osasiya. Usiku wotsatira gulu lachiwawa linaitentha nyumbayo, itangokhala masiku atatu chitsegulireni. Douglass nayenso anamuthyola dzanja ku Pendleton, Indiana, mu 1843. Nkhondo inamaliza ntchito, inde, koma anthu ovotera Abraham Lincoln kukhala pulezidenti mu 1860 anali atamva mawu amenewa kwa zaka pafupifupi 30.

Agogo a ku Chiradzulu: Musaiwale kwathu kuno ana anga. Mu Disembala 1857 David Livingstone analankhula ku Cambridge, ndipo m'mawu akewo munabadwa mishoni ya Angilikani ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa). Mu 1861 Bishopu Mackenzie wa mishoniyi anakhazikika pa Magomero pamodzi ndi anthu amene anamasulidwa m'magoli panjira. Koma muwauzenso ana kuti Livingstone ankalalikira Chikhristu ndi malonda limodzi, ndipo njira imeneyo ndi yomwe anadzeramo atsamunda mu 1891.

Nachisale: Zikomo nonse. Agogo, za Magomero ndiyambira pomwepo, ena mwa ana anga kwawo n'komweko. Lachisanu mnyamata uja ndimupatsa zolankhula za Douglass za 1852 kuti awerenge mokweza kutsogolo kwa kalasi.