Ndiwayese bwanji anyamata anga pa ntchito yokonza chitsulo asanapake penti?

Wa mageti ku Area 25:
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto la pa shopu panga. Geti lomwe tinapanga mu Julayi, kasitomala wandiimbira sabata yatha kuti penti ikumatuka. Ndapita kukadzionera ndekha. Mmunsi mwa machubu ndi mozungulira powotcherera penti yatupa ngati matuza, ukaikanda ndi chikhadabo ikuchoka pamodzi ndi red oxide yemwe (penti yofiira yoyambira, ya pansi), pansi pake dzimbiri lokhalokha. Miyezi 6 yokha. Pentiyo ndinagula ndekha, sinali yosukuluka.

Ndili ndi anyamata atatu. Kuwotcherera onse amatha ndithu, koma yokonza chitsulo timangomupatsa amene alibe chochita nthawi imeneyo. Pano ndapeza oda ya masitandi anayi a mathanki a madzi, ndiye ndikufuna mmodzi akhale mwini wa gawo limeneli, ndimuwonjezere kangachepe pa malipiro. Ndiwayese bwanji mwachilungamo? Ukawafunsa pakamwa, onse amayankha bwino.

Wowotcherera wa ku Ndirande:
Achimwene, musavutike. Aliyense mpatseni chubu cha dzimbiri, girayinda ndi bulashi ya waya, muwerenge mphindi 15. Amene chake chawala kwambiri ndi yemweyo.

Madala a sandblasting:
Ayi, pamenepo ndikukana, mphwanga. Ndinagwira ntchito ya sandblasting, yopala chitsulo powomba ndi mchenga, zaka zambiri pa doko la Durban, ndipo chinthu choyamba chimene anatichotsa m'mutu ndi chimenechi. Bulashi ya waya ya pa girayinda ukaikanikiza pamalo amodzi sichotsa dzimbiri lonse, imangolipukuta mpaka kuterera. Kumaso kumaoneka ngati galasi, koma penti ilibe pogwira. Penti imafuna chitsulo chokhakhala pang'ono, chokhala ndi timano.

Chachiwiri ndi khungu lakuda lotuwira ngati buluu lomwe limabwera ndi chitsulo chatsopano, lija amati mill scale. Anyamata ambiri amaliona ngati chitetezo, amapaka pamwamba pake. Khungulo ndi louma, limang'aluka chitsulo chikamatentha masana ndi kuzizira usiku, madzi amalowa pansi, kenako limanyamuka ndi penti yonse. Inu a ku Area 25, ndikhulupirira kuti pa geti lanulo ndi zimenezi, kuphatikiza zotsalira za ndodo yowotcherera zomwe sanazigogode bwino.

Ku Durban kuja tinkayendera zithunzi za ISO 8501-1, muyezo woonetsa mmene chitsulo chopalidwa chiyenera kuonekera. Kupala ndi manja kapena makina a m'manja kuli magiredi St 2 ndi St 3, kuwomba ndi mchenga nthawi zambiri ankafuna Sa 2½. Pa shopu yopanda makina owombera, limbanani ndi St 3 basi, koma yokhakhala, osati yoterera.

Mayi mphunzitsi wa zaumisiri:
Ine ndimaphunzitsa achinyamata okonzekera mayeso a trade test, ndiye ndikuuzeni mmene ndimachitira.

Musawapatse chitsulo chabwino. Dulani zidutswa zitatu zofanana za angle iron, chilichonse chikhale ndi powotcherera posagogoda, mbali ina ya dzimbiri, mbali ina ya khungu lakuda lija, ndipo mupakepo girizi pang'ono pakona. Pa benchi ikani zonse, zoyenera ndi zosayenera: thinner, palafini, dizilo, chisanza chakuda, nsalu zoyera, hamala yogogodera, flap disc (disiki ya sandipepa ya pa girayinda), sandipepa, magalasi a m'maso ndi chophimba mphuno. Kenako mungonena kuti "konza ichi, mawa chipite kwa kasitomala", nkukhala chete. Kukhala chete ndiye kovuta, chifukwa mwini shopu akaona mwana akulakwitsa pakamwa pamayabwa. Dzigwireni. Aliyense ayesedwe payekha, anzake asaone.

Chimene mukuyang'ana ndi ndondomeko. Wodziwa ntchito amayamba wachotsa mafuta, kenako nkumapala. Amene wathamangira girayinda girizi ali pomwepo wamwaza mafutawo chitsulo chonse ndipo waipitsa disiki. Amene watenga palafini kapena dizilo wasiya mafuta ena pamwamba. Onaninso ngati akusintha mbali ya nsalu popukuta, chifukwa nsalu imodzimodzi imangosamutsa litsiro. Onani ngati wafika mkati mwa kona, ngati wachotsa timibulu ta moto wowotcherera, ngati wabunthitsa m'mphepete mwakuthwa. Pakuthwa penti imathawa, imatsala yopyapyala, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo.

Akamaliza, musadalire maso. Pukutani ndi nsalu yoyera muone chimene chatsalapo. Matani selotepi yoonekera, muimatule nkuiika pa pepala loyera, fumbi lidzaonekera. Thirani madzi pang'ono: pachitsulo chopanda mafuta madzi amayala ngati chinsalu, pomwe pali mafuta amaundana timadontho. Poti ndi zidutswa zoyesera, mukatero ziumitseni msanga, apukutenso, apake primer, penti yoyambira ija.

Mayeso enieni amabwera penti itauma bwinobwino, patatha sabata. Tengani lumo lakuthwa, mucheke mizere 6 chotsika ndi 6 chopingasa, motalikirana mamilimita 2, mpaka lumo lifike pachitsulo. Matani tepi yolimba, muisisite, muimatule. Timabokosi tikachoka tambiri, chitsulocho sichinakonzeke. Zikatero palibe anganene kuti bwana akukondera.

Wowongola magalimoto ku Mzuzu:
Mayi anena zonse, ine ndiwonjezere za nyengo. Kuno kukacha chitsulo chimakhala ndi mame ngakhale osaoneka. Lamulo la opanga penti ndi lakuti chitsulo chikhale chofunda ndi madigiri 3 kuposa pomwe mame amayambira kugwa, ndipo chinyontho cha mumpweya chisapitirire 85 peresenti. Ambirife tilibe zoyezera, ndiye timadikira dzuwa likwere, chitsulo chifunde. Mfunseni mnyamata kuti angapake nthawi yanji, mumve. Ndipo chomwe wapala lero apake primer lero lomwe, chisagone. Nyengo ya mvula ino maola ochepa okha dzimbiri lofiirira layamba kale.

Muonenso manja. Wina amakonza bwinobwino kenako nkunyamula ndi manja a thukuta. Patapita miyezi zala zake zimaoneka pansi pa penti.

Ikaniponso kachidutswa ka galvanised, chitsulo chokutidwa ndi zinki ngati malata. Akakapaka red oxide wamba, sakudziwa. Pamenepo pamafunika etch primer, primer yapadera yogwira pa chitsulo chotere, apo ayi penti imasupuka ngati khungu la mbatata yophika.

Wowotcherera wa ku Ndirande:
Za kuwala zija ndavomera, madala, ndaphunzirapo. Koma tinene zoona. Kasitomala wa geti amatsitsa mtengo mpaka fupa, ndipo amalifuna Loweruka. Kuchotsa khungu lakuda pa geti lonse ndi flap disc ndi tsiku lathunthu, madisiki angapo, magetsi akhalepo. Mnyamata akhoza kukhoza mayeso onsewa, koma Lolemba bwana nkumuuza kuti "fulumira, galimoto ikubwera". Ndiye a ku Area 25, geti lija munawapatsa nthawi yochuluka bwanji?

Wa mageti ku Area 25:
Funso limeneli landigwira. Geti lija tinamaliza kuwotcherera Lachisanu madzulo. Linagona panja, ndipo ndine ndinawauza kuti apake m'mamawa kwambiri kuti lipite masana. Munali mu Julayi, kukuzizira. Flap disc inalipo imodzi yakutha. Ndiye mbali ina ya mlanduwu ndi yanga.

Madala a sandblasting:
Mukamalemba kotesheni, kukonza chitsulo kukhale ndi mzere wake ndi mtengo wake, kasitomala aziuona. Ndipo amene mumusankheyo mumpatse mphamvu yokana. Akati sichinakonzeke, penti isatsegulidwe, ngakhale mutanena ndinu. Pa masitandi a mathanki samalani kwambiri kumapazi ndi pansi pa pomwe thanki imakhala, poti madzi amadikha pamenepo. M'makona ndi powotcherera ayambe wapaka penti ndi bulashi ya m'manja asanapope thupi lonse.

Wa mageti ku Area 25:
Ndabweranso patatha masabata awiri. Ndinachita monga ananenera Mayi. Wamkulu pa onse, yemwe ndinkamudalira, anamaliza msanga, chitsulo chikuwala, koma anayamba ndi girayinda pa girizi ndipo madzi anaundana madontho paliponse. Pa mayeso a lumo timabokosi tambiri tinatsalira pa tepi. Wachiwiri anatsuka ndi palafini. Wamng'ono, amene wangotha chaka chimodzi pa shopu, anatenga pafupifupi ola. Anayamba ndi thinner, anasintha nsalu kawiri, analowa m'kona ndi sandipepa, ndipo atafika pa galvanised anaima nkundifunsa ngati tili ndi primer ina. Pa tepi yake sipanachoke kanthu koma tinyenyeswa ta m'mizere.

Ndamupatsa gawoli. Wamkuluyo sizinamusangalatse tsiku loyamba, koma ndinaika zidutswa zitatu zija pa benchi, matepi ake pambali, anaziona yekha, ndipo dzulo wapempha kuti ayesedwenso kumapeto kwa mwezi. Geti lija talibweza ku shopu, tikulipala lonse mwaulere. Mayi, pa masitandiwa ndidikire masiku angati primer itauma ndisanayese ndi lumo, poti mvula ikugwa tsiku lililonse?

Mayi mphunzitsi wa zaumisiri:
Pa sitandi penipeni musacheke. Dulani kachidutswa ka chitsulo chomwecho, mnyamatayo akakonze ndi kukapaka limodzi ndi sitandi iliyonse, muzicheka pamenepo. Ndi mvula imeneyi dikirani masiku 7 athunthu, ndipo zikhale pansi pa denga.