Chidikiro kapena galimoto: zokambirana za ndalama za uchembere wabwino

Bambo Kaliwo, wapampando: Abale ndi alongo, ndalama zimene tasonkha chaka chino zikukwanira ntchito imodzi yokha. Komiti yabweretsa maganizo awiri: kumanga chidikiro pafupi ndi chipatala chathu chaching'ono kuti amayi akutali azikhalamo masabata omaliza a pakati, kapena kugula galimoto yothamangitsira kuchipatala chachikulu amayi amene zawavuta pobereka. Tiyeni timve maganizo anu tisanavote.

Mayi Nasibeko: Zikomo a wapampando. Ine ndili kumbali ya chidikiro. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2023 amayi pafupifupi 260,000 adamwalira pa zifukwa zokhudza pakati ndi kubereka, ndipo pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse anali a m'maiko a mu Afrika a kummwera kwa chipululu cha Sahara. Mayi amene wayamba kutaya magazi atangobereka angathe kumwalira m'maola awiri okha, choncho ndi bwino kuti matenda amuyambire ali pakhomo pa chipatala kusiyana ndi kuyamba kufunafuna chokwera usiku.

Bambo Mbewe, msungichuma: Ndikugwirizana nawo mayiwa, ngakhale chifukwa changa ndi cha thumba. Kugula galimoto n'kosavuta, koma mafuta, matayala, malipiro a dalaivala ndi kukonzetsa zidzafuna ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo tonse tikudziwa kuti galimoto ya gulu sichedwa kusanduka yonyamula maliro ndi maukwati.

Mayi Nangondo, mzamba wopuma pantchito: Pepani akuluakulu, ndilankhula motalikirapo. Mu 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, adafotokoza kuti amayi amafa chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndiponso kuchedwa kulandira thandizo loyenera atafika kale. Maganizo onse awiri a komiti akulimbana ndi kuchedwa kwachiwiri kokha, pamene kumene kumatiliza ife azamba ndi kwachitatu. Mankhwala a oxytocin, amene timabaya mayi aliyense mwana akangobadwa kuti chiberekero chilimbe ndi kuleka kutaya magazi, amafunika kusungidwa mozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akakhalitsa pamalo otentha amatha mphamvu ngakhale kabotolo kake kakuoneka bwinobwino. Mayi amene magazi ake akuthamanga kwambiri mpaka kuyamba kukomoka amafuna mankhwala a magnesium sulphate, koma mzamba sangadziwe za vutolo msanga ngati makina oyezera BP adawonongeka. Nanga kusoka mayi amene wang'ambika, mukuwala kwa foni ya m'manja, kungatheke bwanji mwaukhondo? Tikamanga chidikiro tidzakhala tikuitanira amayi ambiri m'chipinda chopanda magetsi ndi firiji. Ndikupempha kuti paikidwe ganizo lachitatu: sola, firiji ya mankhwala, madzi a m'chipinda choberekera ndi zida zoyezera.

Bambo Chimwaza: Amayi anga, mwanena zomveka, koma mwasiya mfundo imodzi. Chipatala chaching'ono sichichita opaleshoni ndipo sichithira magazi. Mwana akakhala mopingasa kapena njira ikachepa, firiji sithandiza kanthu, ndipo mayi amene wavutika masiku awiri osabereka, akapulumuka angathe kutsala ndi fistula, mkodzo n'kumangotuluka wokha. Ameneyo afunika galimoto basi.

Mayi Nangondo: N'zoona bambo, ndipo sindikunyoza galimoto. Komabe kutaya magazi ndiko kumapha amayi ambiri koposa, ndipo nthawi zambiri kumaletseka pomwepo ngati kwadziwika msanga. Kafukufuku wa E-MOTIVE, amene adachitika ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2023, adaonetsa kuti kuyeza magazi otayika ndi pulasitiki yokhala ndi miyezo, kenako n'kupereka chithandizo chonse nthawi imodzi, kudachepetsa mavuto aakulu otaya magazi ndi pafupifupi 60 mwa 100 aliwonse. Mayi wotumizidwa atabayidwa kale mankhwala amphamvu ndi kuikidwa diripi amafika wamoyo.

Mayi Naphiri: Nane ndiwonjezere za chidikiro. Nyumba yotere imakhala yopanda anthu ngati sipadaganiziridwe za chakudya cha mayi ndi womudikirira, za ana amene wawasiya kunyumba, komanso za mwamuna amene sakufuna kuti mkazi wake achoke pakhomo. Kodi alipo amene wawafunsa amayi enieniwo pa tsiku la sikelo?

Bambo Mbewe: Palibe, mayi. Ndipo pa za sola, ndifunse: mabatire akatha, adzagula ena ndani, ife kapena a zaumoyo?

Bambo Kaliwo: Mafunso awiriwa ndi okwanira kuimitsa voti ya lero. Ganizo la Mayi Nangondo lalowa pamndandanda ngati lachitatu. A mlembi alembere oyang'anira chipatala kuti atiuze chiwerengero cha amayi amene adatumizidwa kuchipatala chachikulu chaka chatha, zifukwa zake, ndi nthawi imene adadikira chokwera. Mayi Naphiri ndi Mayi Nasibeko akacheze ndi amayi kusikelo, ndipo a msungichuma atibweretsere mitengo ya ntchito zonse zitatu, kuphatikizapo zokonzetsera za zaka zisanu.