Ndipatseniko nzeru pa Camaro ya 1969 yomwe ndikufuna kugula

Akuluakulu, ndikupempha malangizo kwa inu amene mumazidziwa galimoto zakale za ku America. Ndimakhala ku South Bend, ku Indiana, ndipo bambo wina kuno akugulitsa Chevrolet Camaro ya 1969 yomwe anaikonzanso yonse, penti, mipando ndi injini ya V8 yomwe. Maganizo anga ndi oti ndiigule, ndiziiyendetsa nyengo yotentha yokha, kenako ndidzaigulitse, mwina pa okushoni ya Mecum yomwe imachitika ku Indianapolis m'mwezi wa Meyi.

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti mwiniwake akuti galimotoyi ndi SS (Super Sport, mtundu wapadera wa Camaro yamphamvu) yeniyeni, ndipo mtengo wonse wautsamiritsa pa mawu amenewa. Zizindikiro za SS zilipodi, koma zoterezi zimagulitsidwa poyera ndipo aliyense akhoza kumata. Nambala ya VIN (nambala yozindikiritsa galimoto yochokera kufakitale) ikuyamba ndi 12437, zomwe zikungosonyeza kuti inatuluka m'fakitale ndi V8, osati kuti ndi SS. Pakachitsulo ka pansi pa boneti palembedwa X55, chizindikiro cha SS 350 yopangidwa ku Norwood, Ohio, koma misomali yogwira kachitsuloko ikuoneka yatsopano kuposa kachitsulo komweko. Nditafunsa za manambala a VIN omwe amadindidwa painjini, bamboyo anati anafufutika pomwe amakaniko ankapala injiniyo. Zimenezi zimachitikadi, komabe ndiye kuti umboni woti injiniyi ndi yomwe inabwera ndi galimotoyi palibe.

Ndinayesanso maginito pafupi ndi tayala lakumbuyo, ndipo malo ena sanagwire, zomwe zikusonyeza kuti mwina anamatapo zinthu zosakhala chitsulo. Poti kuno amathira mchere m'misewu nyengo ya chisanu, ndikuopa kuti pansi pa penti yowalayo pabisika dzimbiri.

Kodi ndipitirize kukambirana naye, nanga mtengo ndiutsitse motani?

Yankho loyamba: Achimwene, musalipire mtengo wa SS pa mawu apakamwa. Ikanakhala Ford Mustang ya chaka chimenecho, Marti Report (lipoti lochokera m'kaundula wa fakitale ya Ford) ikanakuuzani momwe inatulukira m'fakitale, koma pa Camaro mudalira mapepala a galimoto yomweyo. Afunseni bamboyo Protect-O-Plate (kakhadi ka waranti komwe kankabwera ndi galimoto ili yatsopano), malisiti akale ndi zithunzi za nthawi yomwe ankaikonza, ndipo mulipire katswiri wodziimira payekha kuti aikweze n'kuiona pansi. Akakana kuti iunikidwe, isiyeni. Akalola koma mapepala palibe, muiike pa mtengo wa Camaro wamba ya V8.

Yankho lachiwiri: Bambo, ine nkhawa yanga ili pa phindu lomwe mukuyembekezalo. Mafunso omwe mukufunsa lerowa adzakufunsaninso wogula wanu, ndipo a okushoni adzadula gawo lawo, kuwonjezera pa inshuwalansi ndi garaja yoisungiramo miyezi yonse ya chisanu. Muwerengetse zonsezi kaye, komanso muonetsetse kuti VIN ya pa title (chikalata cha umwini wa galimoto) ikufanana ndi ya pagalimoto musanapereke ngakhale dipoziti.