Thandizeni: dzuwa likungotuluka ngati mbale yoyera pa zithunzi zanga

Muli bwanji nonse a m'gulu muno. Ndimakhala ku Chelstone muno mu Lusaka, ndipo funso langa likupita kwa amene amadziwa za matelesikopu ndi kujambula.

Dzuwa linandilowa mumtima pa 21 June 2001, tsiku la kadamsana. Ndinali mwana wasukulu. Cha m'ma 15 hours Lusaka yense anada kwa mphindi zitatu, kunja kunazizira, nkhuku za amayi n'kuyamba kulowa m'khola. Chaka chatha ndinagula telesikopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ya galasi lakutsogolo la 70mm m'lifupi. Mwezi ndimaujambula bwinobwino ndi foni, maenje ake amaoneka. Koma dzuwa landikanika.

Poyamba ndichenjeze anzanga. M'bokosi munali kagalasi kakuda kolembedwa SUN, komangirira kumbuyo pamene munthu amaika diso. Tsiku loyamba ndinakamanga, n'kulozetsa telesikopu kudzuwa poyang'ana mthunzi wake pansi. Ndisanaike diso ndinangomva kuti thwa! Kagalasi kang'aluka pakati, kotentha kosagwirika. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anali chiimire pambali panga kudikira kuti aone nawo. Ndikakumbukira, mtima umagundabe. Kutentha konse kumene galasi lakutsogolo lasonkhanitsa kumathera pa kagalasi kameneko. Ngati muli nako, katayeni lero.

Kenako alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg pepala lonyezimira la Baader AstroSolar, la OD 5.0, limene limangolola gawo limodzi mwa magawo 100,000 a kuwala. Ndinalimata pa chivindikiro cha katoni chovala kutsogolo kwa telesikopu, ndipo katelesikopu kakang'ono kapamwamba ndinakatseka ndi tepi. Ndi diso, madontho a padzuwa ndimawaona. Lina linali lakuda bii pakati, m'mbali motuwa, ndipo tsiku lililonse linkasendera pang'ono mpaka linakabisala kuseri. Kuona ndi maso anga kuti dzuwa nalo limazungulira kunandisangalatsa kwambiri.

Koma ndikaika foni, chimatuluka ndi chimbale choyera mbee, m'mphepete mukugwedera ngati chili pansi pa madzi. Ndimajambula cha m'ma 13 hours, pa konkire ya kuseri kwa nyumba, moyang'anizana ndi denga la malata la aneba. Kodi vuto ndi foni, nthawi kapena fyuluta, pepala losefa kuwala lija? Chinanso, dzulo nditaunika pepalalo pa babu ndaona kabowo ngati ka singano. Ndipitirize nalo? Nanga malawi ofiira aja tinaona m'mphepete mwa dzuwa mu 2001, angajambulike ndi zimene ndili nazozi?

Yankho loyamba:
Bambo, tiyambe ndi kabowoko. Diso siligulidwa kusitolo, ndipo likamapsa mkati simumva kuwawa. Ngati pepala linatsala, dulani lina, lakalelo mutaye. Musalikoke kwambiri pomata, makwinya pang'ono alibe vuto. Chivindikirocho muzichimanga ndi tepi, chifukwa mphepo ya mu August ikhoza kuchiulutsa diso lili pomwepo. Winanso asakunamizeni kuti galasi la owotcherera zitsulo lingathandize kumbuyo kwa telesikopu, nalonso limasweka.

Yankho lachiwiri:
Akulu, kugwedera mukunenako ndi mpweya wotentha wochokera pa malata ndi pa konkire, uja umaoneka ngati madzi pa tala ya Great East Road masana. Jambulani m'mawa, pakati pa 8 ndi 10 hours, mutaima pa udzu. Miyezi ya May, June ndi July ndiyo yabwino kuno. Ikafika September kumwamba kumadzaza fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire. Pa kamera ya foni lowani pa Pro, pamene mumadzikonzera nokha zonse. ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) muitsitse mpaka pansi, shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala) muyambire pa 1/1000 ya sekondi kenako muzisintha mpaka dzuwa lioneke lotuwa, osati loyera. Fokasi muziikonza poyang'ana m'mphepete mwa dzuwa. Fundani chitenje kumutu kuti muone bwino sikirini. Ndipo musadalire chithunzi chimodzi: tengani vidiyo ya theka la mphindi, muidutsitse m'mapulogalamu a PIPP ndi AutoStakkert pa kompyuta. Onsewa ndi aulere, amasankha mafelemu akuthwa n'kuwaphatikiza.

Yankho lachitatu:
Malawi ofiirawo ndi Baader simungawaone, achimwene. Amafuna telesikopu ya H-alpha, monga za Lunt kapena Coronado, zimene zimangolola kuwala kofiira kwa mpweya wa haidrojeni, ndipo mtengo wake ndi wokwera zedi. Limbikirani madontho kaye. Amachuluka n'kuchepa pa zaka pafupifupi 11, ndipo anafika pachimake cha m'ma 2024, kotero m'zaka zikubwerazi azichepa. Pa 25 November 2030 kudzakhala kadamsana wathunthu ku Namibia, Botswana ndi South Africa. Pamenepo malawiwo adzaonekanso.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse. Ndadula pepala latsopano, ndipo Loweruka m'mawa tinapita pabwalo la mpira ine ndi mwana wanga. Ndi chitenje kumutu ndi shutter ya 1/2000, madontho awiri atuluka pa chithunzi, limodzi mpaka m'mbali mwake motuwa muja. Iye wawajambulanso ndi pensulo m'kope, akuti azitero Loweruka lililonse. Chatsala ndi dzanja, limanjenjemera ndikamatenga vidiyo. Kachipangizo kopanira foni pa telesikopu kamapezeka kuti muno mu Lusaka, ku Kamwala kapena m'tauni? Kapena alipo amene anadzipangira yekha andionetse?