Mbale wathu akutuluka ku Zomba, timulandire bwanji?

Wofunsa: Moni nonse. Mnyamata wa mumpingo mwathu akutuluka ku Zomba Mental Hospital sabata yamawa, wakhalako miyezi iwiri. Asanagonekedwe ankagona kumsika, ndipo nyumba yake inagwa ndi mvula. Mayi ake ndi okalamba. Anthu akumuopa chifukwa tsiku lomwe anatengedwa anaswa mazenera a anansi. Ife a komiti tiyambire pati?

Namwino wa odwala maganizo: Yambirani pa mankhwala, chifukwa ambiri obwerera kuchipatala amakhala atasiya kumwa. Sankhani munthu mmodzi wodalirika woti azisunga buku lake la kuchipatala ndi mapiritsi, n'kumamupatsa pa nthawi yake. Ngati akubayitsa jakisoni wa fluphenazine, kawirikawiri amakhala wa mwezi ndi mwezi. Tsikulo lisaphonyedwe, ya kabaza muisunge pasadakhale. Mankhwala a haloperidol nthawi zina amaumitsa thupi, manja kunjenjemera, dovu kuchucha, khosi kupindika. Apa m'pamene achibale amati "mankhwala akumuonjezera matenda" n'kuwataya kuchimbudzi. Musataye, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, amamupatsa mankhwala a benzhexol ochepetsa mavutowa kapena kuchepetsa mlingo. Mankhwala a chlorpromazine amagonetsa ndipo khungu limapsa msanga padzuwa, ndiye kumunda azipita m'mawa atavala chipewa ndi malaya a manja aatali. Akapanda kugona usiku uwiri kapena utatu, akayamba kukana nsima poganiza kuti mwathiramo poizoni, thamangani naye. Osadikira kuti aswe kanthu, ndipo osamumanga ndi chingwe kapena unyolo.

Mlangizi wa zaumoyo: Onanani ndi amfumu iye asanafike. Mazenera aja mpingo uwakonze, anansiwo akhalepo pokambirana, apo ayi nkhaniyo imutsatira chaka chonse. Ana muwauze kuti dzina ali nalo, asamamutche wamisala. Anzake a chamba ndi kachasu ndi amene amabweza matendawa msanga.

Mkulu wa mpingo: Abale, musamuimiritse kutsogolo kuti apereke umboni. Akhale pa benchi ngati wina aliyense. Mupemphere naye, koma aliyense womuuza kuti "wachira, siya mapiritsi" mumuletse pomwepo. Miyezi yoyamba agone pafupi ndi mayi ake, adye m'mbale imodzi ndi anzake, matendawa sapatsirana. Achinyamata aumbe naye njerwa za nyumba yake, ndipo akagwira ganyu mumulipire ndalama yomwe mumalipira ena.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga akayamba kunena zodzipha?

Namwino wa odwala maganizo: Musamukalipire ndipo musamusiye yekha. Mufunseni mwachindunji ngati waganiza njira yake, kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Chotsani m'nyumbamo mankhwala a makoswe ndi a mbewu, zingwe ndi mapiritsi onse, mupite naye ku chipatala cha boma chapafupi tsiku lomwelo ngakhale usiku.