Lactate wakwera ngakhale mu mbewa zosadwala, vuto lili pati?

Wa ku Ngabu: Akuluakulu ndithandizeni. Anzathu a lab ina yakunja anditumizira ma spectra (ma graph osonyeza ma chemical omwe alimo) a ubongo wa mbewa, anajambula pa makina a MRI a maginito amphamvu ya 9.4T mbewa zili zamoyo, zina anazibaya tizirombo ta Plasmodium berghei ANKA kuti zidwale malungo a mu ubongo zina ayi. Ndaika mu LCModel, pulogalamu yowerengera ma spectra, koma lactate (chemical yomwe imachuluka maselo akamaperewera mpweya), yemwe amatuluka pa 1.33 ppm pa graph, wakwera konsekonse ngakhale mu ma control, mbewa zosabayidwazo. Ma chemical ena a mu ubongo alibe vuto, NAA ali pamalo pake pa 2.01, creatine pa 3.03, zonse bhobho. Ndiye ndilemba chani mu ripoti?

Wa ku Nchalo: Achimwene musalembe kaye. Yang'anani pa 0.9, palinso chotukuka? Voxel, kamalo komwe makina amayeza, anaika pati?

Wa ku Ngabu: Chilipo asisi, chotakata. Voxel ili mu cortex, chigawo cha pamwamba pa ubongo, 2 mm mbali zonse, TE (nthawi yomwe makina amadikira asanatole chizindikiro) yaifupi

Wa ku Nchalo: Basitu amenewo ndi mafuta. Mafuta a pakhungu la mutu amatuluka pa 0.9 ndi 1.3, pomwe pakhala lactate pomwepo, ndipo ubongo wa mbewa sufika ndi theka la gramu lomwe ndiye voxel ya ngati njere ya mapira ikangosendera m'mwamba pang'ono yatola kale za kunja kwa chigaza. Lactate weniweni amakhala timsonga tiwiri tosongoka totalikirana pafupifupi 7 Hz, mafuta amakhala chibunthu.

Wa ku Bangula: Mbewa zimenezi akamaliza kujambula amazitaya? kkkk ife kuno tikuvutika ndiwo

Wa ku Chikwawa boma: Inu a Bangula za lab sizodya izo. Koma asisi sindikugwirizana nanu kwathunthu, mafuta okha sangafotokoze zonse. Mbewa sungaiuze kuti khala phee, amaigoneka ndi isoflurane ndipo isoflurane yo payokha imakweza lactate mu ubongo. Afunseni anapereka mlingo wanji, 1.5% kapena kuposa 2%, inagona nthawi yaitali bwanji asanayambe kujambula, komanso ngati thupi analisunga pa madigiri 37 poti mbewa ikagona imazizira msanga. Komanso yodwala siimafuna mankhwala ochuluka mofanana ndi yamphamvu, ndiye mwina ma control anapatsidwa ochuluka, apa magulu awiriwo simungawafanizirenso bwino.

Wa ku Nchalo: Zoona bwana, koma zimasiyanitsika. Abwereze ndi TE ya 144 ms, lactate amatembenuka kuloza pansi pomwe mafuta amakhala atazilala. Chenjezo lokha, pa 9.4T ndi njira yojambulira ya PRESS chizindikirocho chimachepa kwambiri ndiye kusachiona sikutanthauza kuti palibe.

Wa ku Ngabu: Kubwereza ndi kovuta, zodwalazo sizikhalitsa, zinafa kale. Ma control okha alipo

Wa ku Chikwawa boma: Amenewo akukwanirani poyesa. Atsitse voxel ilowe mkati mwa ubongo, mu striatum kapena hippocampus, ayatse outer volume suppression yotseka zochokera kunja kwa voxel, shim ya FASTMAP (yosalaza mphamvu ya maginito) ayikonzenso chifukwa pafupi ndi chigaza mizere imafufuma. Za data yakaleyo onani ngati basis set yanu, mndandanda wa ma chemical omwe LCModel imafufuza, ili ndi mafuta ndi ma macromolecule (ma molecule akuluakulu monga mapuloteni), popanda zimenezo pulogalamu imangotenga zonse n'kuzitcha lactate. Chilichonse cha CRLB (nambala yosonyeza kukayikitsa kwa muyeso) yoposa 20% musachikhulupirire.

Wa ku Ngabu: Ndaonjezera mafuta mu basis set, lactate wa ma control watsika ndithu, wa zodwala watsalabe pamwamba ndipo timsonga tiwirito tikuoneka. Ndawalembera anditumizire pepala lomwe analembapo isoflurane ndi kapumidwe ka mbewa iliyonse.

Wa ku Nchalo: Likabwera muponye pano, muikenso chithunzi chosonyeza pomwe voxel inakhala pa mbewa iliyonse